MBULU UMODZI M'MALO MWA INAI

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa anthu a ku Likangala



Ambiri a inu mudziwa munthu amene anagona ali bwino, nadzuka m'mawa mkono ndi mwendo zitafa, pakamwa patapotoka. Kawirikawiri timati amlodza. Koma adokotala akamuyesa amapeza kuti magazi ace anali kuthamanga kopitirira kwa zaka zambiri iye osadziwa, kufikira mtsempha wa m'mutu unaphulika kapena kutsekeka. Ukatsekeka mtsempha wa mtima, munthu amamva cifuwa ngati camangidwa ndi cingwe, ndipo ena amafera pomwepo. M'caka ca 2009 a Unduna wa Zaumoyo anayesa anthu akulu m'dziko muno, napeza kuti mmodzi mwa atatu ali onse anali ndi nthenda imeneyi ya BP, ndipo oculuka mwa iwo sanali kudziwa.

Mankhwala alipo. Bvuto ndi lakuti munthu amene ali pa ngozi yaikulu, monga wacikulire wa BP amene alinso ndi shuga, kapena amene anadwalapo kale mtima, afunika mitundu itatu kapena inai tsiku liri lonse: wotsitsa BP, wocepetsa mafuta amene amamatirira m'mitsempha, ndi asipirini woletsa magazi kuundana. Mibulu ikaculuka munthu amatopa nayo. Uwu watha, uwo waiwalika m'thumba la jekete, ndipo popeza BP siwawa, iye amati ndacira.

M'caka ca 2003 adokotala awiri a ku London, Nicholas Wald ndi Malcolm Law, analemba kuti mankhwala onsewa aikidwe mu mbulu umodzi. Azungu amaucha polypill. Nzeru yotere si yacilendo kwa ife. Abale athu akumwa ma ARV amamwa mbulu umodzi wokhala ndi mankhwala atatu, ndipo LA wa malungo muli mankhwala awiri.

Ndifuna mumve za ku Iran makamaka, cifukwa anthu ace anali a m'midzi monga ife. M'cigawo ca Golestan anatenga anthu oposa 6,800 a zaka 50 kapena kuposa. Midzi ina analandira malangizo okha a kadyedwe ndi kusiya fodya. Midzi ina analandira malangizo omwewo pamodzi ndi mbulu umodzi pa tsiku wokhala ndi mankhwala anai. Zitatha zaka 5 anawerenga, nalengeza mu 2019. Kwa akumwa mbuluwo, matenda akulu a mtima ndi kufa ziwalo anacepa ndi gawo limodzi la magawo atatu. Kwa amene anamwa mosadumphitsa anacepa koposa theka. Taonani pamenepo: mbulu unali womwewo, kusiyana kunali pa kamwedwe. Mu 2023 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linaika mibulu yotere pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri.

Koma musanyengedwe. Mbulu umenewu suli wa munthu ali yense. Mai wapakati asamwe, cifukwa ena mwa mankhwalawo amaononga mwana m'mimba. Wa zironda za m'mimba asipirini angamtulutse magazi. Musagule pa msika kwa munthu wonyamula mibulu m'cikwama, ndipo musagawane ndi mnzanu ngati fodya wa mphuno.

Cimene mungacite lero ndi ici. Ali yense amene wapitirira zaka 40 apite ku cipatala ca Likangala akayesetse BP. Sabaya jekeseni, amangomanga lamba pa mkono. Amene nthenda yace iri yobvuta adzatumizidwa ku cipatala cacikulu ca Zomba. Mukapatsidwa mankhwala, kaya mbulu umodzi kaya itatu payokhapayokha, imwani tsiku liri lonse ngakhale thupi liri bwino. Amai, cepetsani mcere m'matemba, ndipo abambo aleke kuwaza wina pa mbale.

Inu asodzi amene mumakakhala milungu yambiri pa zimbowera m'nyanja ya Chilwa, werengani mibulu yanu musanakwere bwato, muone ngati ikwana masiku onse. Ikani m'kabotolo kotseka bwino kuti isanyowe, ndipo tsiku lolembedwa m'buku lanu la cipatala likafika, tsikirani kumtunda mukatenge ina.