KUJAMBULA ZITHUNZI ZABWINO NDI FONI

Masiku ano m'makomboni a ku migodi, kuyambira ku Luanshya kufikira ku Chingola, nkobvuta kupeza nyumba yopanda foni ya kamera. Kale munthu wofuna cithunzi anali kubvala suti yace pa Loweruka napita kwa wojambula m'tauni, ndipo iye amene anali ndi kamera yaceyace anali kujambula mosamala ndithu, pakuti filimu imodzi inali kutenga zithunzi 12, 24 kapena 36 cabe. Mafoni a kamera anayamba kugulitsidwa ku Japan m'zaka za 1999 ndi 2000, ndipo lero munthu akhoza kujambula zithunzi 100 tsiku limodzi osataya ngwee. Koma si zonse zimene zimakondweretsa wozilandira. Makolo ambiri ku Katete ndi ku Petauke amalandira cithunzi ca mdzukulu wao wobadwira ku Kitwe, nacipenyetsetsa, koma nkhope osaizindikira, cifukwa yangoti bii. Pamenepo mwini foni amati foni yace njacabe, namayamba kusunga ndalama zogulira ina, cikhalireco cimene cinasowa ndi kuwala.

Kuseri kwa galasi la kamera kuli kacipangizo kosaposa cikhadabo ca cala cacikuru, kamene nchito yace ndiyo kulandira kuwala ndi kukusandutsa cithunzi. Popeza nkakang'ono cotero, kamafuna kuwala kocuruka. Pamalo pamdima kamera imacedwa kutseka diso lace kuti ilandire kuwala kokwana, ndipo dzanja likagwedezeka pang'ono pa nthawi imeneyo, cithunzi cimaturuka cosaoneka bwino, kapena cokhala ngati cathiridwa mcenga. Cifukwa cace foni yotsika mtengo yojambula pabwalo imapambana foni yodula yojambula m'cipinda camdima.

Tsono cinthu coyamba cimene wojambula ayenera kuyang'ana, asanakweze foni, ndico kumene kuwala kucokera. Kuwala kugwe pankhope ya wojambulidwa, osati kumbuyo kwace. Munthu akaimikidwa pakhomo, dzuwa liri kunja kumbuyo kwace, kapena patsogolo pa cipupa coyera mbee, kamera imayesa kuwala kwa malo onsewo niyamba kukucepetsa, ndipo nkhope, makamaka ya munthu wakuda, imamira mumdima. Mankhwala ace ngapafupi. Wojambula ndiye afulatire zenera kapena khomo, wojambulidwa ayang'ane komweko. Kenaka akhudze ndi cala pa nkhope imene ikuoneka pa foni, pakuti potero kamera imadziwa kuti cofunika ndi nkhopeyo, niyesa kuwala molingana nayo. Pa mafoni ambiri pamaturukanso kacizindikiro ka dzuwa, kamene munthu angakakankhe ndi cala kuonjezera kapena kucepetsa kuwala.

Nthawi ya tsiku nayonso iri ndi kanthu. M'dziko la Zambia dzuwa la masana limakwera pamwamba kwambiri, ndipo m'miyezi ya October ndi February limafika paliwombo penipeni. Pa nthawi yotere maso amalowa mumthunzi ngati maenje awiri, anthu amatsinzina, ndipo mwamuna wobvala cisoti ca pa mgodi amabisika nkhope kufikira pamphuno. Nthawi yabwino ndiyo mmawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo litapendeka, pamene anthu aweruka ku nchito. Ngati ukwati kapena ubatizo wagwa masana, anthu aimikidwe pakhonde, pamene pali mthunzi wosalala. Pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali sipabwino, cifukwa nkhope zimaturuka zamawangamawanga. Tsiku la mitambo, limene ambiri amalinyoza, ndilo labwino koposa pojambula nkhope.

Kuwala kukapezeka, kusatsekedwenso ndi litsiro. Foni imagona m'thumba pamodzi ndi pfumbi ndi thukuta, ndipo mafuta a zala amaphimba galasi lace, kotero kuti cithunzi cimaoneka ngati cajambulidwa mu nkhungu ya mwezi wa June. Galasilo lipukutidwe ndi kansaru kofewa, koma osati ndi ovololo ya ku nchito, popeza mcenga wace umakanda galasi. Pojambula, foni igwiridwe ndi manja awiri, zigongono zitatsamira kunthiti, ndipo cala cikhudze pang'onopang'ono osati kugogoda. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Ambiri amakonda kukoka cinthu cakutali potambasula zala ziwiri pa foni. Pa mafoni ocuruka kucita tero ndiko kudula kacigawo ka cithunzi ndi kukafutukula, ndipo cimene cimatsala ncosalongosoka. Miyendo ndiyo yoyenera kugwira nchito imeneyo. Komabe kuyandikira kopambanitsa kumakuza mphuno ndi kucepetsa makutu. Mapazi awiri kapena atatu kucokera kwa wojambulidwa ngokwana. Wojambula mwana agwade kuti foni ilingane ndi maso a mwanayo. Ayang'anenso zimene ziri kumbuyo, kuti pasakhale mtengo wa magetsi wooneka ngati wamera pamutu pa amai, kapena zobvala zoyanikidwa pa waya. Ndipo cithunzi cofunika cijambulidwe ndi kamera ya kumbuyo kwa foni, cifukwa pa mafoni ambiri ndiyo yamphamvu kuposa ya kutsogolo.

Za usiku nzacidule. Kanyale ka pa foni sikafika patali kuposa mamita awiri kapena atatu, cotero kukayatsa m'bwalo la mpira kapena m'holo yaikuru nkungotha batire. Mafoni atsopano ali ndi njira yojambulira usiku, imene imatenga zithunzi zingapo motsatana nizilumikiza kukhala cimodzi. Pamenepo wojambula ndi wojambulidwa onse akhale duu kufikira foni itatsiriza.

Cithunzi cabwino cikhoza kuonongekanso panjira. WhatsApp imacepetsa zithunzi kuti ziyende msanga, ndipo cikapatsirana kwa abale kangapo cimanka cizimiririka. Cimene ciyenera kusindikizidwa citumizidwe monga dokyumenti, ngakhale kutero kumadya mabando ambiri. Mafoni amabedwa m'mabasi, amagwa m'madzi, amafa osatsazika. Munthu wanzeru amasunga zithunzi zace pamalo awiri, ndipo zofunika koposa amazisindikiza papepala.

Mwambo usaiwalike. Munthu apemphedwe asanajambulidwe, mwana wa eni asajambulidwe popanda makolo ace kubvomera, ndipo ovulala pa ngozi kapena olira pamaliro sayenera kuonetsedwa kwa anthu ngati gule. Pa mgodi pali malo amene malamulo a kampani amaletsa kujambula, ndipo wosamvera akhoza kutaya nchito cifukwa ca cithunzi cimodzi.

Pamene agogo abwera kudzaceza kucokera kumudzi, kapena pamene wanchito apita ku chuti, ndiyo nthawi yogwiritsa nchito zonsezi. Awapemphe mwaulemu akhale pakhonde madzulo, nkhope itayang'ana kowala, apukute galasi, akhudze pankhope, najambule katatu kapena kanai. Ana amene sanabadwe adzawadziwa agogo ao ndi cithunzi cimeneco.