Kompyuta ya Pakhomo Ikayamba Ulesi

Nkhani yathu lero ikuchokera ku Lungwena m'boma la Mangochi, kugombe la kum'mawa kwa nyanja, pa msewu wochoka pa boma kudzera ku Malindi kulowera kwa Makanjira. Tikamba za kompyuta ya pakhomo imene yayamba ulesi, ija mumayatsa n'kupita kukatereka madzi a tiyi, pobwera n'kuipeza isanadzukebe. Mukaidina siyankha, ingoti duu ngati mlendo amene sakumva chiyankhulo chanu.

Dzina la Lungwena limadziwika ngakhale kunja kwa dziko lino chifukwa cha kafukufuku wa umoyo wa amayi ndi ana amene sukulu yathu ya madokotala, imene pa nthawiyo inkatchedwa College of Medicine, idayamba kuchita kumeneko mu 1995 mogwirizana ndi yunivesite ya Tampere ya ku Finland. Koma makompyuta amene mungawapeze m'makomo sadabwere ndi kafukufuku ayi. Ambiri ndi malaputopu akaunjika, obwera m'zikwama za anyamata ochokera ku Joni, kapena ogulidwa mu Limbe ndi ku Lilongwe. Kunja amawala ndithu, koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Makina otere adagwira kale ntchito zaka zingapo kwa mwini wake woyamba asadaone nyanja yathu.

Tsono kompyuta ikayamba kuchedwa, chizolowezi chathu n'chimodzi: kuikulunga m'chitenje, kukwera galimoto ulendo wa makilomita pafupifupi 30, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kukaitula kwa wokonza. Ndipo mankhwala amene okonza ambiri amathamangira ndiwo kufomata, kutanthauza kufafaniza zonse zimene zili m'kati n'kuikamo Windows mwatsopano. Mphunzitsi amabwerako malikisi a ana a chaka chonse atapita. Wogulitsa nsomba amabwerako kaundula wa ngongole za usipa mulibe. Mayi amabwerako zithunzi za mwana wawo amene ali kutali zitatheratu. Chomvetsa chisoni n'chakuti pakatha masabata awiri ulesi uja umabweranso, pakuti nthenda yeniyeni siidakhudzidwe. Kufomata musanadziwe vuto kuli ngati kugwetsa nkhokwe chimanga chili momwemo pofuna kupha anankafumbwe.

Choncho musanachite china chilichonse, ngati kompyutayo ikuyakabe, koperani makalata, zithunzi ndi maakaunti anu pa fulashi yabwino, ngakhale ntchitoyo itenge madzulo onse. Mukatero mpamene mungayambe kufufuza ndi mtima uli m'malo.

Funso loyamba n'losavuta: kodi chikuchedwa ndi kompyuta kapena ndi netiweki? Ambiri a ife timalowa pa intaneti kudzera pa foni ya Airtel kapena TNM, ndipo netiweki ikafooka timada makina osalakwa. Chotsani intaneti, mutsekule kalata kapena chithunzi chimene chili kale m'kompyutamo. Chikatseguka msanga, kompyuta yanu ili bwino; musawononge ndalama ya ulendo.

Ngati ikuchedwabe, ganizani za kutentha, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa kunyanja kuno ndiye mdani wamkulu. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35 masana, ndipo m'nyumba ya malata kumaposa pamenepo. M'kati mwa kompyuta muli kachipangizo kamene kamachita masamu onse, kotchedwa purosesa. Kameneka kakatentha kufika pafupi ndi madigiri 100, kamachepetsa liwiro lake dala kuti kasapse. Kotero ulesi umene mukuonawo nthawi zina si matenda, koma ndi nzeru za makina podziteteza, monga mmene mlimi amasiyira khasu dzuwa likafika paliwombo. Zizindikiro zake n'zoonekeratu. Mukangoiyatsa m'mawa imathamanga, koma pakapita theka la ola imayamba kulemera. Kunsi kwake kumatentha kosakhudzika. Fani yake imalira ngati injini ya boti yolimbana ndi mwera, kapena siimveka n'komwe chifukwa idafa.

Mpweya wozizira umalowa pa timabowo ta kunsi, wotentha n'kutuluka m'mbali kapena kumbuyo. Nanga ife timaiika pati laputopu? Pa matiresi, pa mkeka woyalapo chitenje, pa miyendo. Ena, poiteteza ku fumbi, amaifunditsa nsalu ili mkati mogwira ntchito. Konseko n'kuitseka mphuno. Ikhazikeni pa tebulo louma, pamthunzi, ndipo muikweze pang'ono ndi zitsekerero zinayi za mabotolo, chimodzi pa ngodya iliyonse. Fumbi la chilimwe nalo limaunjikana pa fani mpaka kukhala ngati thonje. Ithimitseni, muzule chingwe cha magetsi, musese timabowoto ndi mswachi wakale wouma. Pampu ya njinga ithandiza kuuzira fumbi pang'onopang'ono, koma muyambe mwaletsa fani ndi kamtengo ka machesi kuti isazungulire mopitirira muyeso. Musauzire ndi pakamwa, pakuti mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi. Nyerere ndi mphemvu zimakonda kufunda kwa m'katimo, koma musapoperemo mankhwala a tizilombo. Ingolekani kudyera mandasi pamwamba pa mabatani.

Tikachoka pa kutentha tifike pa katundu. Anthu a kunyanja adziwa thandala loyanikapo usipa, ndipo adziwanso nyumba yosungiramo matumba. Kompyuta nayo ili ndi ziwirizi. Thandala lake ndi chimene amati RAM, pamene imayalapo ntchito imene ikugwira nthawi yomweyo. Nyumba yosungiramo ndi hard disk, mmene mumagona mafayilo anu onse. Thandala likachepa, kompyuta imangokhalira kunyamula zinthu kupita nazo m'nyumba n'kubwera nazonso, ndipo nthawi yonse imathera pa njira. Malaputopu akale ambiri ali ndi RAM ya magigabayiti 2 kapena 4, pamene mapulogalamu a masiku ano amafuna malo aakulu.

Kuti muone amene akudzaza thandalalo, dinani pamodzi mabatani atatu awa: Ctrl, Shift ndi Esc. Patseguka tsamba lotchedwa Task Manager. Pamwamba pake pali mawu akuti CPU, Memory ndi Disk, ndipo pa lililonse pali nambala. Yang'anani imene yayandikira 100, kenaka mutsike ndi maso kuti mupeze pulogalamu imene ikudya kwambiri. Kawirikawiri mupeza kuti ndi Chrome, mwini wake atatsekula masamba khumi ndi asanu n'kuiwala kutseka. Pa tsamba lomwelo pali gawo la Startup, losonyeza mapulogalamu amene amadzuka okha kompyuta ikamayaka. Ambiri mwa iwo adaikidwa ndi mwini wake woyamba uja ku Johannesburg, ndipo inu simunawagwiritsepo ntchito. Aletseni kudziyambitsa okha, kutero sikuwafafaniza. Amene simukuwadziwa ntchito yake asiyeni kaye mpaka mutafunsa.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. Pa Windows 10, mukasankha Shut down kompyuta siitaya zonse zimene inanyamula. Imasungako zina kuti idzayake msanga. Chimene chimasesa thandala lonse ndi Restart. Chitani zimenezi kamodzi pa sabata.

Nyumba yosungiramo nayo isadzaze mpaka kukhomo. Tsekulani This PC muone kamzere ka pansi pa chilembo C. Kakafiira ndiye kuti malo otsala sakukwana gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo Windows yasowa potembenukira. Amene amadzaza kwambiri ndi mafilimu ndi nyimbo, osati makalata. Filimu imodzi imatha kulemera kuposa makalata chikwi. Samutsirani mafilimuwo kwina, ndipo mukafafaniza musaiwale kukhuthula Recycle Bin.

Mafilimu omwewa amabwera ndi mlendo wina. Fulashi imene yazungulira m'malo oikitsira nyimbo pa msika, n'kudutsanso kwa ojambula mapepala, siilephera kutola vayirasi. Yofala kwambiri ndi ija imasandutsa mafoda anu kukhala tizithunzi tokhala ndi kamuvi pa ngodya. Mukaona zotere musadinepo, ndipo musathamangire kufomata fulashiyo, chifukwa nthawi zambiri mafayilo anu amakhala alipo, angobisidwa, ndipo wodziwa angathe kuwabweza. Windows 10 ndi 11 ali kale ndi mlonda wawo, Microsoft Defender, amene amagwira ntchito bwino akamalandira zatsopano pa intaneti. Ena poopa amaikamo alonda atatu nthawi imodzi, koma atambala awiri salira m'khola limodzi: amalimbana okhaokha, kompyuta n'kulemera kuposa kale. Chenjeraninso ndi uthenga wotulukira pa intaneti wonena kuti kompyuta yanu yadwala, dinani apa tiichize. Wotumiza uthengawo ndiye mwini nthenda.

Zatsopano zimene ndatchulazi zili ndi vuto lake kwa ife a mabandulo. Kompyuta ikakhala miyezi osaona intaneti, tsiku limene mwailumikiza ku foni imayamba kukoka zonse zimene inatsalira nazo. Bandulo limatha, makina n'kuima chilili. Mu Settings, pa gawo la netiweki, muli batani lakuti Metered connection. Mukaliyatsa, Windows imadziwa kuti intaneti yanu ndi yogula pang'onopang'ono ndipo imadziletsa. Komabe muipatse tsiku lake loti ikoke zonse, makamaka pamene mwagula bandulo lalikulu. Dziwaninso kuti kampani ya Microsoft idaleka kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10 chidatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna RAM yosachepera magigabayiti 4 ndi purosesa yatsopanoko, kotero kuikakamiza pa laputopu yokalamba kuli ngati kusenzetsa bwato la mtengo umodzi katundu wa sitima ya Ilala. Makina otere amapepukidwa ndi Linux Mint, imene ndi yaulere ndipo imalemba makalata ndi kuchita maakaunti bwinobwino, ngakhale maso amafuna masiku angapo kuti aizolowere.

Magetsi nawo ali ndi mlandu wake. Tonse tikukumbukira kuti namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kudakula mpaka malowo atakonzedwa mu 2023. Laputopu imene batire lake lidafa imazima mwadzidzidzi magetsi akangothima kapena sola ikafooka, ndipo kuzima kotere kumavulaza mafayilo a Windows pang'onopang'ono. Yang'ananinso tchaja. Pamsana pake palembedwa mphamvu yake, monga mawati 45, 65 kapena 90. Mukabwereka tchaja yochepa mphamvu, malaputopu ena, makamaka a Dell, amachepetsa liwiro dala. Ndipo pulagi ya ku South Africa, ya mano obulungira, siilowa bwino m'masoketi athu a mano a ngodya zinayi. M'malo moikakamiza ndi kamtengo, gulani adaputala kapena musinthe chingwe.

Nanga ikangoti kakasi pakati pa ntchito? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudina mobwerezabwereza n'kuonjezera katundu pa mutu wa munthu amene wagwa kale. Dikirani mphindi zitatu kapena zisanu. Ikapanda kutsitsimuka, tsekulani Task Manager uja, musankhe pulogalamu imene yauma, mudine End task. Zikakanika zonse mpamene mungagwire batani loyatsira kwa masekondi khumi mpaka izime, podziwa kuti zimene simunasunge zapita.

Ilipo nthenda imodzi imene singachizidwe pakhomo. Hard disk yachikale ili ndi mbale imene imazungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi m'malaputopu ambiri, ndi kasingano kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake. Kugwedezeka kwa pa njinga ya kabaza laputopu isanazime, kapena kugwa kamodzi kokha pa tebulo, kumakwanira kuivulaza. Mukamva kaphokoso kakuti the-the-the m'kati, mukaona nambala ya Disk ili pa 100 nthawi zonse popanda chimene mukuchita, kapena mafayilo ayamba kukana kutseguka, lekani kuigwiritsa ntchito. Kuiyatsa kulikonse kukufupikitsa masiku ake. Apa ndiye ulendo wa pa boma uli woyenera, ndipo chofunika si kufomata koma kusintha disikiyo. Funsani ya mtundu wa SSD, imene ilibe chozungulira m'kati, siopa mabampu a mumsewu, ndipo imadzutsa laputopu yakale m'masekondi ochepa. Mwa zonse zimene munthu angagulire makina okalamba, ine ndiona kuti imeneyi ndiyo yoyamba. Kuonjezera RAM kubwere pambuyo pake.

Ponyamuka, lembani pa pepala zimene mwaona: nthawi imene imayamba kuchedwa, ngati imatentha, phokoso limene imachita, ndi nambala imene inali pamwamba mu Task Manager. Lembaninso kukula kwa RAM ndi kwa disiki yanu, kuti pobwerera mutsimikize kuti mwatenga zanu zomwe. Muuzeni wokonzayo momveka, pamaso pa mboni ngati n'kotheka, kuti asafafanize kanthu musanavomere, ndiponso kuti akatsekula atsuke fani ndi kupaka phala latsopano loziziritsa pa purosesa. Akasintha disiki, yakaleyo muitenge. Pali kabokosi kotsika mtengo kamene mungaiikemo n'kuilumikiza ngati fulashi, ndipo nthawi zambiri zithunzi ndi makalata amene munkayesa kuti atayika amatulukamo.