Tiyi Wotenguliridwa

M'mwezi wa Meyi ndidayenda ndi ansembe anzanga awiri m'minda ya tiyi ku Thyolo, chiperoni chitakuta phiri lonse. Mmodzi wa iwo, poona tiyi wodulidwa kulekeza m'maondo, adati wafa. Iyayi, adangomutengulira kuti adzaphuke bwino, monga mpesa uja wa pa Yohane 15.

Koma mtima wanga udatsalira pa amayi ena amene tidakumana nawo panjira, dengu lopanda kanthu lili kumsana. Masamba akachepa, ntchito yothyola imathanso kwa ambiri. Tiyi angathe kudikira mvula ya Novembala. Nanga ana awo adzadya chiyani mu Julayi? Inu a mumphakati, amayiwa mukuwadziwa. Kawaoneni sabata ino, ndipo musapite chimanjamanja.