Ukalamba M'chigafa: Agogo a ku Kasungu, Ntchito Yawo ndi Mpingo Wawo



Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kulowera kumpoto, akangowoloka mtsinje wa Bua amakhala kuti walowa m'boma la Kasungu, dziko losalala la dothi lamchenga, kumene maso amaponya kutali osatsekerezedwa ndi kanthu kufikira atakumana ndi phiri la Kasungu. Akadutsa m'mwezi wa Epulo kapena Meyi, mvula itakata, adzaona zigafa zaudzu zitandandalika m'mbali mwa midzi, ndipo fungo la fodya wouma lidzamulonjera asanalonjeredwe ndi munthu. Apatuke pang'ono, asuzumire m'chigafa chimodzi. Anyamata sadzawapezamo, iwo apita kukabwereka jeke yodindira mabelo, kapena ali pa golosale kufunsana za mitengo ya ku msika wa Chinkhoma. Amene adzawapeza atakhala pamphasa, miyendo atatambalala, mulu wa masamba uli pambali, ndi agogo. Nkhani ya lero ndi ya anthu amenewa.

Kusankha fodya ndi ntchito yofuna mtima wodekha. Tsamba lililonse liyenera kutambasulidwa, kuonedwa mtundu wake, kutalika kwake ndi kukhuthala kwake, ndipo la kunsi kwa mtengo lisasakanizike ndi la kumwamba. Belo limodzi limalemera makilogalamu pafupifupi 100, koma masamba ochepa oikidwa posayenera akhoza kugwetsa mtengo wa belo lonse kapena kulibweza pa msika. Nchifukwa chake pabanja lanzeru ntchito imeneyi amasiyira akuluakulu. Maso a gogo akhoza kuchita chidima powerenga kalata, koma zala zake zimadziwa tsamba. Amangoligwira, nalinunkhiza, naliponya pa mulu wake. Amadziwanso kuti fodya sagwiridwa dzuwa lili paliwombo, pamene amafumbutuka ngati chikonyo chouma, koma m'mamawa kukadali chinyezi. Zimenezi sanaphunzire kwa mlangizi. Anaziphunzira ndi msana wake kwa zaka makumi asanu.

Munthu amene lero ali ndi zaka 75 anali mnyamata kapena mtsikana wa nyonga m'zaka za m'ma 1970, pamene nkhalango za Kasungu zinkagwetsedwa kuti patsegulidwe maesiteti. Inali nthawi ya bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority ndi minda ikuluikulu ya makampani a Press ndi General Farming, imene mwini wake anali Dr. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa boma lomweli. Lamulo la masiku amenewo silinkalola mlimi wamba wa pa malo a mfumu kulima fodya wa bale ndi kukagulitsa yekha ku okushoni. Mwayi umenewu unayamba kutseguka m'chaka cha 1990. Motero amene ankafuna kulawa ndalama ya fodya ameneyu ankalowa ku esiteti, ena monga antchito a pa tikiti, ambiri monga matenanti. Malole ankapita mpaka ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe, ku Machinga ndi ku Mangochi, kumene malo anali ochepa kale, kukanyamula mabanja athunthu.

Moyo wa utenanti ngwodziwika kwa aliyense wa ku Kasungu. Mwini munda ankapereka malo, mbewu, feteleza, chimanga cha phoso ndi mchere, zonsezo nkumalemba m'buku monga ngongole. Pakutha pa chaka iye yemweyo ndiye ankagula fodya pa mtengo woika yekha, nachotsa ngongole, ndipo zotsalazo ndizo zinali malipiro a bambo, mayi ndi ana onse amene anathirira nazale m'dzuwa la Okutobala, kuwokera mvula ikugwa, kuthyola ndi kusoka. Ena anapeza njinga, wailesi ndi malata. Ena anatsala ndi ngongole, nachita manyazi kubwerera kwawo chimanjamanja, nati tiyesenso chaka chamawa. Chaka chamawacho chinasanduka zaka makumi atatu. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti m'malamulo a ntchito, ndipo inachita bwino. Koma lamulo limenelo linapeza anthu ambiri atakalamba kale. Nkhalamba yotere ilibe munda ku Kasungu, pakuti inabwera ngati mlendo. Ilibenso munda kwawo, pakuti adzukulu a alongo ake anagawana kalekale, ndipo amene ankaidziwa anagona kumanda. Penshoni imene lamulo la 2011 linakhazikitsa ndi ya anthu olembedwa ntchito. Dzina la tenanti linkalembedwa m'buku la ngongole lokha.

Ngakhale eni dziko, amene makolo awo anali pansi pa Mwase, Lukwa, Chulu, Wimbe, Santhe kapena Kaomba chiyambire, ukalamba wawo sunakhale monga ankayembekezera. Mwambo unkati munthu akafooka, mbumba imusunge. Ana alime, iye azikhala pakhonde kuweruza timilandu ndi kusimbira adzukulu nthano. Koma m'badwo umenewu ndi umene unaika ana ake m'manda m'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi anali pachimake ndipo mankhwala otalikitsa moyo anali asanayambe kuperekedwa ulere, monga zinakhalira kuyambira mu 2004. Ndi m'badwo womwewu umene unaona njala ya 2002, imene inasautsa Kasungu kopambana, anthu nkumadya gaga ndi zitsa za nthochi, nkugulitsa mbuzi, ziwiya ndi malata pa mtengo wa mbale ya ufa. Ana amene anapulumuka, ambiri lero ali ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Joni, ndipo amene ali pakhomo ndi adzukulu ndi zidzukulutudzi. Gogo amene anamaliza kulera zaka makumi atatu zapitazo wayambanso: kuphika phala, kufunafuna yunifolomu, kukaonekera kwa aphunzitsi mwana akapalamula. Ndalama ya pa foni imabwera, inde, koma imabwera monga mvula ya masiku ano, yosadziwika tsiku.

Pali chinthu china chimene anthu sakonda kuchitchula. M'midzi ya chikamwini, mwamuna amene wakhala kwa mkazi wake zaka makumi anayi, nabzala mango, namanga nyumba yanjerwa ndi ndalama ya fodya, mkazi akamwalira amatha kuuzidwa mwaulemu kuti nthawi yakwana yoti akaone kwawo. Kumpoto kwa bomali, cha ku Nkhamenya, kumene mabanja ambiri amatsata malowolo, amene amagwedezeka ndi mayi wamasiye. Miyambo iwiriyi njosiyana, koma misozi yake njofanana.

Tsono anthu amenewa amatsamira pati?

Chikhristu ku Kasungu chapitirira zaka zana. Amishoni a Livingstonia ndiwo anayamba, ndipo Dr. George Prentice anakhazikika ku Chilanga cha m'ma 1900, akuchiritsa ndi kuphunzitsa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920 mishoniyo inaperekedwa m'manja mwa amishoni a Dutch Reformed a ku Nkhoma, ndipo nchifukwa chake mipingo yambiri ya CCAP m'bomali ili pansi pa Sinodi ya Nkhoma. M'chaka cha 1924 Mbusa Hanock Msokera Phiri, malume ake a Dr. Banda, anabwera kuchokera ku South Africa ndi mpingo wa African Methodist Episcopal, natsegula mishoni ya Mdabwi. Akatolika anamanga ku Chiphaso, a Anglican ali ku Mtunthama, ndipo m'zaka zaposachedwa mipingo ya Chipentekoste yafika pafupifupi pa sitolo iliyonse. Agogo a lero ndi adzukulu a anthu amene anaphunzira kuwerenga pofuna kubatizidwa. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, ndilo buku lokhalo lopezeka m'nyumba zambiri, lokutidwa ndi pepala la pulasitiki, m'kati mwake muli makadi a ubatizo, malisiti a fodya ndi chithunzi cha mwana amene anamwalira.

Chikhulupiriro chawo sichinakulire pa mpando wofewa ayi. Chinakulira pakati pa ntchito imene sidziwa Sabata. Fodya wowotcha m'mabani amafuna moto wosazima usana ndi usiku kwa pafupifupi sabata yathunthu, ndipo tsamba likapsa m'munda silidikira kuti mapemphero athe. Mkhristu wa pa esiteti ankasankha pakati pa belu la tchalitchi ndi mluzu wa kapitawo. Ambiri ankapemphera pansi pa mtengo madzulo, mmodzi wodziwa kuwerenga atatsegula Buku. Ndipo matchalitchi ena amene lero ali ndi malata ndi mabenchi anayamba motero, ndi alendo osiyana zilankhulo, Alomwe, Achewa ndi Atumbuka, ogwirizana pa nyimbo imodzi. Kwa tenanti wokalamba wopanda mbumba, mpingo ndiwo mudzi wake weniweni. Ndiwo udzakumbe manda ake.

Amayi a Chigwirizano, bungwe limene linayamba m'chaka cha 1940 mu mpingo wa Nkhoma, ndiwo asenza mbali yaikulu ya katundu ameneyu. Iwo amadziwa khomo limene utsi sunafuke dzulo. Amapita ndi kambale ka ufa, mtolo wa nkhuni ndi sopo, amasesa, amazira, amasambitsa wodwala, kenaka amaimba. Miphakati ya Akatolika, imene inazika mizu m'dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970 pansi pa Ambuye Patrick Kalilombe, imachita chimodzimodzi. Chodabwitsa nchakuti ambiri mwa oyendera okalambawo ndi okalamba okhaokha. Mayi wa zaka 68 amasenza nkhuni kupita nazo kwa mayi wa zaka 85, ndipo pobwerera amapuma kawiri panjira.

Komabe choona chiyenera kunenedwa, ngakhale chiwawe. Mpingo umadziwa kuwerenga anthu ake bwino pa nthawi ya masika, fodya atagulidwa, pamene pakufunika malata a nyumba ya abusa. Khadi la zopereka limayang'anidwa mosamala; koma gogo akasiya kufika chifukwa mawondo akana kuyenda makilomita asanu, pamatha miyezi dzina lake lisanafunsidwe. Ena amafika, koma amakhala kumbuyo osamva kanthu, pakuti zokuzira mawu ndi magitala zakwirira nyimbo zakale zimene anazisunga pamtima. Sikuti achinyamata alakwa kuimba mwa njira yawo. Koma mpingo umene umaphunzitsa ana lamulo lachisanu, lolemekeza atate ndi amayi, ndi umene umawerenga Salimo 71, pemphero la munthu woopa kutayidwa mphamvu zake zikatha, uyenera kudzifunsa ngati mkulu wa mpingo amadziwa njira yopita ku nyumba ya nkhalamba monga adziwira ya kwa mlimi wa mabelo makumi awiri. Alipo abusa ndi ansembe amene amapalasa njinga kukapereka Mgonero kwa ogonera m'nyumba, ndipo amene anaonapo nkhope ya gogo pa tsiku lotero sangaitenge ntchito imeneyo ngati yaing'ono.

Choopsa koposa ndi liwu lija lakuti mfiti. Mwana akadwala mwadzidzidzi, fodya akabwezedwa ku msika, mnyamata akalephera mayeso, maso amatembenukira kwa nkhalamba imene imayankhula yokha, ya maso ofiira. Koma maso amafiira ndi utsi wa nkhuni ndi fumbi la m'chigafa. Ndipo kuyankhula wekha, kusochera pakhomo pako pomwe, kuiwala dzina la mwana wako, ndi matenda a ubongo odza ndi ukalamba, amene achipatala amawadziwa. Dziko lonse linagwidwa ndi manyazi mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa ku Neno powaganizira kuti ndiwo anatuma mphenzi imene inapha mtsikana. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Koma wapolisi amakhala kutali, pamene mlaliki amakhala pafupi. Mlaliki amene amauza banja losweka mtima kuti mdani wawo ali m'nyumba momwemo, wa imvi, amanola nkhwangwa imene ena adzanyamule. Kawirikawiri pansi pa mlandu wa ufiti pamakhala dimba kapena munda umene wina akuufuna.

Boma limathandiza ena kudzera mu Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, koma imafikira mabanja osaukitsitsa okha, ndipo otsala ndi ambiri. Otsalawo amadalira manja awo. Gogo amene sangathenso kunyamula khasu tsiku lonse amaluka mphasa ndi malichero, amasenda mtedza, amaweta nkhuku, amayang'anira ana pamene makolo ali kumunda, ndiponso amachita ganyu yosoka ndi kusankha fodya wa anthu ena. Fodya wamuwisi wonyowa ndi mame amalowetsa ululu wake kudzera pakhungu, nadzetsa chizungulire ndi nseru, ndipo fumbi la wouma limakhala pachifuwa. Banja limene likufuna luso la agogo liwapatse malo opita mphepo, malaya a manja aatali, madzi ndi sopo. Ndipo ndalama ikabwera kuchokera ku Chinkhoma, gawo lawo liwerengedwe poyamba, lisakhale chenje chotsala pobwera ku sitolo.

Dzuwa likapendeka, m'chigafa muja mumayamba mdima, ndipo mitundu ya masamba siionekanso. Gogo amafunditsa mulu wake ndi chiguduli, nadzuka pang'onopang'ono atagwira mzati. Madzulo, nsima itadyedwa, amaitana mdzukulu amene ali Sitandade 6.

"Iwe, tatenga Buku lija undiwerengere. Maso angawa atha."

"Pati, agogo?"

"Pamene pali lisiti la chaka chathapo."

Mwanayo amawerenga mokoka, akupunthwa pa Chinyanja chakale cha amishoni, tochi ya foni ili m'dzanja. Akalumpha liwu, gogo amamubweza, pakuti ndime imeneyo anaiphunzira m'kalasi ya ubatizo mwanayo asanalotedwe nkomwe. Akatha amapemphera, kutchula mayina mmodzimmodzi: wa ku Joni, wa ku Area 25, wodwala chifuwa, ndi mwini fodya amene walonjeza kulipira Loweruka. Kenaka amakumbutsa mdzukuluyo kuti atseke khola la nkhuku, ndi kuti mawa amudzutse tambala woyamba, masamba akadali ofewa.