MPHIKA UTSATA MUNDA

Lero tikambirane za cinthu cimene ticita tsiku ndi tsiku osaciganizira, ndico kusankha cakudya colowa mumphika. Ambiri ayesa kuti nkhani ya nthaka, mitengo ndi mvula ndi ya alangizi a zaulimi okha. Iai, nkhaniyi ifika mpaka pa mafuwa, pakuti cimene banja lidziwa za dziko lace ndico ciweruza cimene lidzadya.

Tonse tikumbukira caka ca 2024. Mvula inadula m'miyezi ya January ndi February, cimanga ciri pafupi kumasula. Pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga, pafupifupi miliyoni imodzi anapserera. M'caka ca 2025 mvula inagwa bwino, nkhokwe zinadzala. Koma phunziro lija tisalitaye.

Cimanga cifuna madzi koposa pa nthawi yomasula ndi yoturutsa ndebvu. Cikawasowa pamenepo, cibala zitsononkho zopanda njere. Mapira ali ndi mizu yambiri yozama. Dzuwa likakula apinda masamba ao nadikira, ndipo mvula ikabwera ayambanso kukula. Cinangwa cikhala m'nthaka monga nkhokwe yosafuna denga. Munthu wodziwa izi sanena kuti “Tagona ndi njala” pamene ana ace akhuta nsima ya mapira, kandolo kapena cinangwa. Makolo athu anali kudya mapira ndi mawere cimanga cisanafale. Mau a akulu akoma akagonera.

Tsono tione za ndiwo. Zulani phata la nshawa kapena la khobwe, muyang'ane mizu yace. Mudzaona tinthu tozungulira tonga njere za mapira. M'menemo mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso, timene titenga mumpweya cakudya ca mbeu, comweco cimene tigula m'thumba la Urea. Banja lokonda kudya nyemba, khobwe ndi nshawa lizilima caka ndi caka, ndipo pozilima mosinthana ndi cimanga lidyetsa nthaka yace. Apo mphika wathandiza munda.

Ndiwo zina sizicokera kumunda, koma kuthengo. Amai adziwa kuti bowa wabwino sapezeka pa malo amene mitengo inatha. Cifukwa cace n'cakuti mitundu yambiri ya bowa ikhala pa mizu ya mitengo yamoyo, monga mombo ndi msuku. Wotema mitengo kuti aoche makala alandira ndalama kamodzi kokha, koma bowa ndi masuku zisowa zaka zambiri. Mudzi wodziwa ici usunga thengo lace monga usunga dimba. Ngakhale pophika tingathe kupulumutsa mitengo: nyemba zoviikidwa m'madzi usiku wonse zipsa msanga, ndipo mtolo wa nkhuni ukhalitsa.

Koma tisanamizane, kudziwa kokha sikudzaza mbale. Mbalame zibvuta pa mapira. Ana ozolowera ufa woyera ayamba ndi kukana nsima yofiira. Cinangwa cowawa cifuna kucisenda ndi kuciviika m'madzi masiku angapo kuti ululu wace ucoke. Wocidya cosaviika angathe kudwala kwambiri. Ndiponso munthu wosowa ndalama ya sopo ndi mcere aona thumba la makala ngati cipulumutso. Cifukwa cace sitinena kuti lekani cimanga. Tinena kuti cimanga cisakhale cokha.

Yambani pang'ono, motere:

1. Patulani ndime imodzi ya mapira kapena cinangwa, ndi ina ya nyemba kapena khobwe.

2. Sakanizani ufa wa mapira ndi mgaiwa, kuti ana azolowere njala isanafike.

3. M'dzinja, pamene masamba a maungu ndi a khobwe acuruka, futsani ndi kuyanika pamthunzi. Mfutso udzakuthandizani m'malimwe.

4. Mwamuna ndi mkazi akhale pansi pamodzi asanagulitse nshawa, napatule zakudya ndi za mbeu. Kawirikawiri wogulitsa ndi wina, wophika ndi wina, ndipo mkangano ubuka m'October pamene ndiwo zatha.

Za mbeu ya mapira ndi mitengo ya cinangwa yoyenera dera lanu, funsani mlangizi wa zaulimi. Funsaninso agogo a pamudzi, pakuti adziwa ndiwo za kuthengo zimene ana a sukulu sanazimve.

Mvula sitingailamulire, koma ca mumphika tisankha tokha.