Chifuwa cha Usiku: Mawu kwa Anthu a M'wodi



Chitukuko chimayambira pa thupi lopumula. Mlimi amene wachezera kutsokomola sagwira khasu ndi mphamvu, ndipo mwana wosagona amasinza m'kalasi. N'chifukwa chake chifuwa cha usiku, chomwe chimavuta kwambiri m'miyezi yozizira ya June ndi July, ndi nkhani yoyenera bwalo lino.

Gwero loyamba ndi mamina otsikira kukhosi. Mphuno imapanga mamina tsiku lililonse, ndipo masana munthu amawameza osazindikira. Chimfine, fumbi, utsi kapena mungu wa maluwa zikawachulukitsa, wogona chagada amawamva akutsetserekera kukhosi, kukhosiko n'kuyamba kuyabwa. Kukweza mutu ndi mtsamiro, kumwa madzi ofunda, kuyanika zofunda padzuwa ndi kuwaza madzi posesa m'nyumba zimachepetsa vutoli. Chimfine chimadza ndi mavairasi, choncho makapisozi a amoxicillin ogula pagolosale sachichiza.

Gwero lachiwiri ndi mphumu. Imakula pakati pa usiku ndi mbandakucha, chifuwa chimathina ndipo mpweya umalira ngati likhweru. Mankhwala opopera m'kamwa amathandiza, koma utsi wa nkhuni ndi fodya umaidzutsa. Kuphikira pamalo opita mphepo komanso mbaula zosatha nkhuni, monga Chitetezo, kumachepetsa utsi. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka, pakuti mpweya wake umapha mwakachetechete.

Gwero lachitatu ndi chilungulira. Munthu akakhuta nsima n'kugona nthawi yomweyo, asidi wa m'mimba amabwerera kukhosi. Papite maola awiri kapena atatu kuchoka pa chakudya kufika pa mphasa.

Palinso mankhwala ena a BP, monga enalapril ndi captopril, omwe amadzetsa chifuwa chouma kwa anthu ena. Wodwala asawasiye yekha, koma akauze dokotala kuti amusinthire. Wachikulire wobanika akagona pansi, miyendo itatupa, akapimitse mtima.

Choopsa koposa ndi chifuwa chachikulu cha TB. Aliyense wotsokomola kwa masabata awiri, wotuluka thukuta usiku, wotentha thupi, woonda kapena wolavula magazi, akayezetse makhololo. Amene ali ndi HIV asadikire masabata awiriwo. M'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala n'zaulere, ndipo TB imachizika munthu akamwa mankhwala mosadumphitsa, kawirikawiri kwa miyezi 6. Wobisa matenda poopa kunenedwa amapatsira a m'nyumba mwake, ndipo akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kwa ana, kupuma mofulumira, nthiti kulowa m'kati popuma, kapena kulephera kuyamwa ndi zizindikiro za chibayo. Mwana wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Uchi umafewetsa kukhosi, koma sapatsidwa kwa khanda losakwana chaka chimodzi.

Pempho lipite kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi kuti nkhaniyi izikambidwa pa misonkhano, kuti mudzi uliwonse ukhale ndi njira yonyamulira wodwala usiku, ndiponso kuti wotsokomola nthawi yaitali aziperekezedwa kwa mlangizi wa zaumoyo mosamunyoza.