Ndani analemba nchito munthu amene amatenga levi yanu?

Amai ndi atate a mu msika, inu a salaula, a kapenta, a tomato ndi repu, zikomo posiya matebulo anu. Sindidzachedwa, ndidziwa makasitomala sayembekeza.

M'mawa uliwonse pamabwera munthu pa tebulo lanu kudzatenga levi. Mumapereka, ngakhale tsiku limene simunagulitseko kanthu. Manje funso langa ndi ili: uja munthu, anamulemba nchito ndani? Ndipo chimbudzi chikadzala, mupita kukadandaula kwa ndani?

Ambiri timathamangira kwa ba kansala, chifukwa ndiwo tinavotera, ndipo tidziwa nyumba yao. Kuchokera mu 2016, pamene malamulo a dziko anasinthidwa, ngakhale ba Meya timawavotera tokha. Koma amene amayendetsa maofesi tsiku ndi tsiku ku Civic Centre, paja pa Independence Avenue, ndi ba Town Clerk ndi madairekita ao. Amenewo simuwavotera. Amaikidwa ndi Local Government Service Commission, ndipo mamembala a bungwe limenelo amasankhidwa ndi Pulezidenti. Ndiye mukapita kwa kansala, akuuzani kuti pitani ku ofesi. Ku ofesi akuuzani kuti bwana ali mu miting'i, bwerani mailo. Mailo lija likafika, fayelo yasowa. Mwataya ya basi kawiri, tomato naye waola.

Ine ndili ndi dipuloma. Nditatsiriza sukulu ndinazungulira ndi envulopu ya khaki mpaka nsapato inatha. Pa ofesi ina, munthu sanatsegule n'komwe mapepala anga. Anangofunsa kuti, "Wakutuma ndani?" Ndinalibe dzina lopereka. Si ine ndekha, ana anu ambiri ku Kanyama, ku George, ku Mtendere anamvapo funso limeneli. Munawalipilira sukulu ndi ndalama ya pa tebulo, lelo ali pa kantemba ka mobile money.

Nchito ikapatsidwa chifukwa cha khadi ya chipani, wolembedwayo samaopa inu, amaopa amene anamuika. Mukamuuza kuti ngalande yatsekeka, akuyang'anani chabe. Ndipo tonse tinaona kumene zimathera. Kolera inayamba mu October 2017. Pofika January 2018 asilikali anali mu tauni kuchotsa ogulitsa mu misewu, misika inatsekedwa, ku Kanyama anthu anakwiya mpaka kunachitika chipolowe. Mu October 2023 inabweranso, pofika January 2024 odwala anagonekedwa ku Heroes Stadium, masukulu anachedwa kutsegula. Nthawi zonse ziwiri, woyamba kuuzidwa kuti "leka kugulitsa" anali inu, amene munali kulipira ndalama ya ukhondo masiku onse.

Apa ndikambe zoona, ngakhale anzanga ena a ndale sadzakondwa. Matenda a makada mu misika sanayambe dzulo, ndipo palibe chipani chimene chingadzitame kuti manja ake ndi oyera. Mu 2021 Pulezidenti Hakainde Hichilema analonjeza kuti makada achoka mu misika ndi mu masiteshoni, khonsolo ndiyo idzatenga ndalama. Mau abwino. Ngati zinatheka pa msika wanu, mudziwa ndinu, osati ine. Chimene ndidziwa n'chakuti lamulo lilipo kale: Markets and Bus Stations Act ya 2007 inapereka misika m'manja mwa makhonsolo, ndipo imalola kuti pakhale mabodi oyendetsa misika. Pa msika wanu bodi ilipo? Munasankhako munthu?

Ndalamanso sitinganene kuti kulibe. CDF inachoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 pa konstityuwensi iliyonse, ndipo Lusaka inali ndi zisanu ndi ziwiri: Kanyama, Matero, Chawama, Munali, Mandevu, Kabwata ndi Lusaka Central. Zopempha zimayambira ku Ward Development Committee. Kwezani dzanja amene adziwa tcheyamani wa WDC ya kwao. Mwaona? Ndalama zikachuluka koma maso ali ochepa, amadya ndi amene ali pafupi ndi mbale. Chimodzimodzi Cash for Work ya 2024, K600 pa masiku khumi. Dzifunseni kuti maina analembedwa bwanji mu komboni mwanu.

Ise tikufuna kuti nchito iliyonse ya ku khonsolo, ngakhale ya kusesa, ilengezedwe pa bolodi pa msika, ndipo maina a otengedwa aikidwe pomwepo. Tikadzalowa ifenso n'kuyamba kulemba abululu athu, mudzatikumbutse mau awa, ali pa Facebook, sadzafutika.

Koma musayembekeze masankho. Kuyambira mailo, wobwera kudzatenga levi aonetse khadi ya nchito, apereke lisiti ya khonsolo. Malisitiwo musataye, sungani mu kapulasitiki. Pakutha kwa mwezi, mzere uliwonse uwerenge zimene wapereka, tilembe pa pepala limodzi, ndipo tidzapita nalo kwa ba kansala tili pamodzi, kukafunsa tsiku limene galimoto ya zinyalala idzabwera.